Kusankha Makina Osefera Madzi a Reverse Osmosis Pakhomo ndi Paulendo

Makina a reverse osmosis, amene ogulitsa amangoti RO, ali ndi ntchito imodzi imene sefa wamba singaikwanitse: kuchotsa zinthu zosungunuka m'madzi. Mchere, fluoride, nitrate, mtovu ndi arsenic simungazione ngakhale mutaunika tambula padzuwa. Ngati vuto la madzi anu lili pamenepo, RO ndi njira yodalirika. Koma ngati vuto ndi matope, fungo la klorini kapena tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba, zilipo njira zina zotchipa, zosataya madzi, ndipo zina zimaposa RO pa ntchitoyo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anthu ambiri amagula makinawa asanadziwe chimene chili m'madzi awo. N'chifukwa chake tiyamba ndi madziwo, za makina zibwera pambuyo.

Mmene makinawa amagwirira ntchito

Mukadula nkhaka n'kuwaza mchere, pakapita kanthawi madzi amatuluka okha. Madzi amachoka kumene kuli mchere wochepa n'kudutsa pa kanembanemba kupita kumene kuli mchere wambiri. Imeneyo ndiyo osmosis, ndipo Jean-Antoine Nollet wa ku France anaifotokoza mu 1748 atayesa ndi chikhodzodzo cha nkhumba. RO imabweza ulendowo. Madzi amakankhidwa mwamphamvu pa nembanemba yothina kwambiri, madzi okha n'kudutsa, mchere n'kutsala mbali inayo.

Kwa zaka zambiri nembanemba zoyamba zinkatulutsa madzi ochepa zedi, mpaka cha m'ma 1960 pamene Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan a pa yunivesite ya UCLA ku America anapanga ina yolola madzi kudutsa mofulumira. Pofika 1965, tauni ya Coalinga ku California inali itayamba kumwa madzi osefedwa motero. M'zaka za m'ma 1970 John Cadotte anapanga nembanemba yopyapyala ya polyamide, imene ili m'makina ambiri a m'nyumba lero. Dzina la polyamide mulisunge, chifukwa nembanemba imeneyi imasefa bwino koma klorini imaiwononga. Ndicho chifukwa chake makina alionse abwino amakhala ndi fyuluta ya makala patsogolo pake.

Pali zinthu ziwiri zimene simungazithawe. RO imafuna pulesha, ndipo mchere wotsala uja uyenera kutsukidwa ndi madzi ena amene amapita kotaya. Zosankha zanu zonse zizungulira pa ziwirizi.

Choyamba: yezetsani madzi anu

Ngati mumamwa madzi a m'mipope, pemphani lipoti kwa amene amakugawirani madziwo. Lipotilo lingakuuzeni za madzi pamene akuchoka kumalo oyeretsera, koma silingakuuzeni zimene amatenga m'mapaipi akale a m'nyumba mwanu. Mtovu nthawi zambiri umachokera m'mapaipi ndi m'malo olumikizira, osati kugwero. Ngati mumatunga pachitsime kapena pamjigo, palibe wina angakuyezereni, ndiye pitani nawo ku labotale nokha.

Auzeni ayeze E. coli (kachilombo kosonyeza kuti m'madzi mwalowa chimbudzi), mchere wonse wosungunuka umene amautcha TDS, fluoride, nitrate, arsenic, mtovu, chitsulo, manganese, pH (muyeso wa asidi m'madzi), ndi kuchuluka kwa laimu. Botolo mutenge kwa iwowo. Madzi oyeza tizilombo afike ku labotale ali ozizira, tsiku lisanathe. Oyeza mtovu atungidwe m'mawa, mpope usanatsegulidwe ndi aliyense, chifukwa madzi ogona m'paipi usiku wonse ndiwo amasonyeza vutolo. Madzi a pachitsime amasintha ndi nyengo, choncho ngati mungathe yezetsani kawiri, nthawi yamvula ndi yachilimwe.

Zotsatira zikabwera, ziyerekezeni ndi malire a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Fluoride isapitirire 1.5 mg pa lita. Nitrate isapitirire 50 mg. Arsenic ndi mtovu, chilichonse chisapitirire 0.01 mg. E. coli asapezeke ngakhale mmodzi mu 100 ml. Za TDS, bungweli limati madzi amakoma bwino ikakhala pansi pa 600 mg pa lita, ndipo ikadutsa 1,000 amayamba kuvuta kumwa.

Ndiime pang'ono pa kachipangizo ka m'manja koyezera TDS, chifukwa kamasocheretsa anthu ambiri. Kamangoyeza mmene madzi amadutsitsira magetsi, kenako n'kuyerekeza kuchuluka kwa mchere. Sikadziwa kusiyanitsa calcium, amene alibe vuto, ndi nitrate. Tizilombo sikationa n'komwe. Arsenic wokwanira kudwalitsa munthu ndi wochepa kwambiri moti nambala ya pa kachipangizoka singasunthe. Madzi osonyeza 350 angakhale abwinobwino, pamene osonyeza 60 angakhale ndi kolera. Kachipangizoka mukagule ndithu, kali ndi ntchito yake imene tiifotokoza kutsogoloku, koma sikalowa m'malo mwa labotale.

Palinso ogulitsa ena amene amaviika timitengo tachitsulo tolumikizidwa ku magetsi m'tambula ya madzi anu. Pakapita mphindi zochepa madziwo amasanduka ofiirira, iwo n'kunena kuti ndizo mumamwa tsiku lililonse. Zofiirirazo ndi dzimbiri lochoka pa timitengoto. Madzi alionse okhala ndi kamchere pang'ono amadutsitsa magetsi, chitsulo n'kuyamba kudyeka. A RO sasintha mtundu chifukwa sadutsitsa magetsi mokwanira. Musatulutse ndalama chifukwa cha chionetsero chimenechi.

Chachiwiri: onani ngati RO ndiyo yankho

Ngati labotale yapeza tizilombo tokha, china chilichonse chili bwino, konzani gwero la madziwo, kenako wiritsani, thirani klorini kapena ikani nyali ya UV, imene kuwala kwake kumapha tizilombo. Ngati vuto ndi fungo ndi kakomedwe ka klorini, fyuluta ya makala yokha ikukwanirani. Ngati ndi matope, fyuluta yosefa zinyalala. Zonsezi sizitaya madzi.

Ku India makina a RO anafala kwambiri m'nyumba moti mu 2019 khoti loona zachilengedwe la National Green Tribunal linalamula boma kuti liletse makinawa m'madera amene TDS ili pansi pa 500 mg pa lita. Chimene chinkawadandaulitsa ndi madzi ambiri otayika pachabe m'malo amene madzi anali abwino kale.

Pali madzi ena amene RO imapulumutsa nawo moyo. Ku Bangladesh anakumba mijigo yambirimbiri kuyambira m'ma 1970 pofuna kuthetsa matenda otsekula m'mimba. Madzi ake anali oyera mbee, okoma bwino, koma m'zaka za m'ma 1990 zinadziwika kuti yambiri inali ndi arsenic wochokera m'nthaka momwemo, ndipo anthu mamiliyoni anali akumwa kwa zaka. Fluoride wambiri amayamba ndi kuthimbiriritsa mano a ana, akapitirira amaumitsa mfundo ndi kupunditsa mafupa. Nitrate amalowa m'zitsime kuchokera ku feteleza, makola ndi zimbudzi, ndipo amaopsa kwambiri kwa makanda osakwana miyezi 6 chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya. Pa zitatu zonsezi kuwiritsa sikuthandiza. Madzi akamaphwa pamoto, zinthuzi zimatsala, ndiye zimachuluka m'malo mochepa. Mayi wowiritsa madzi a nitrate kuti asungunulire mkaka wa khanda amakhala akuwonjezera vuto asakudziwa.

Amene mwapeza arsenic, funsani a ku labotale kuti ndi wa mtundu uti. Arsenic V nembanemba imamugwira bwino, koma arsenic III, amene amapezeka kawirikawiri m'madzi a pansi kwambiri, amadutsa wambiri ndithu. Klorini imasandutsa III kukhala V, choncho madzi oterewa amafunika kuthiridwa klorini kaye, klorini ija n'kuchotsedwa ndi makala, ndiye n'kufika pa nembanemba. Mukamaliza kuika makina, yezetsaninso madzi otulukawo.

Dziwaninso zimene RO imalephera. Mipweya yosungunuka m'madzi imadutsa, ndiye fungo la mazira owola limene limachokera ku hydrogen sulfide silitha ndi nembanemba yokha. Ndipo ngakhale tizilombo sitingadutse pa nembanemba yabwinobwino, makina ambiri a m'nyumba anapangidwira madzi ophedwa kale tizilombo. Kabowo kakang'ono, kapena kamphira kotha polumikizira, n'kokwanira kuti tilowe m'thanki n'kuswana. Ngati madzi anu ali ndi mchere komanso E. coli, mufunika RO pamodzi ndi UV kapena klorini.

Chachitatu: yezani pulesha, muonenso laimu ndi chitsulo

Makina opanda pampu amafuna pulesha yosachepera 40 psi, imene ndi pafupifupi 2.8 bar, ndipo amasangalala ikafika cha m'ma 60 psi. Pulambala ali ndi geji yomangirira pampope, ndipo kuyeza sikutenga nthawi. Yezani m'mawa kapena madzulo pamene anthu ambiri akutunga, chifukwa ndi pamene pulesha imatsika. Ngati madzi anu amachokera m'thanki yapamwamba, kumbukirani kuti mamita 10 a msinkhu amapereka pafupifupi 1 bar yokha. Thanki yokwera mamita 5 singayendetse RO popanda pampu. Pulesha ikachepa, madzi abwino amangodontha, otayika amachuluka, ndipo mchere wodutsa umawonjezeka.

Pampu imafuna magetsi. Ngati magetsi amazimazima, sankhani makina okhala ndi thanki kuti muzikhala ndi madzi osungidwa.

Madzi amene sopo sachita nawo thovu, amene amasiya zoyera m'ketulo, ali ndi laimu wambiri. Laimuyo amamatirira pa nembanemba n'kuitseka. Chitsulo chikadutsa 0.3 mg pa lita chimachita chimodzimodzi, ndipo mumachizindikira ndi madontho ofiira m'sinki ndi pa zovala. Madzi oterewa amafuna chipangizo chochotsa laimu kapena chitsulo patsogolo pa RO. Mukanyalanyaza, nembanemba yoti ikhale zaka zitatu idzatha chaka chisanathe.

Chachinayi: sankhani mtundu ndi kukula kwake

Makina ofala kwambiri ndi a pansi pa sinki okhala ndi thanki. Madzi amadutsa pa fyuluta ya zinyalala, nthawi zambiri ya ma micron 5 (micron ndi muyeso wa kukula kwa timabowo ta fyuluta), kenako pa fyuluta imodzi kapena ziwiri za makala, ndiye pa nembanemba, n'kulowa m'thanki. Mukatsegula kampope kake, amadutsanso pa makala omaliza ochotsa kafungo ka m'thanki. Mtundu umenewu ndi wakale, amisiri ambiri amaudziwa, ndipo zipangizo zake sizisowa. Kwa banja lokhazikika, ine ndimalangiza umenewu.

Opanda thanki ali ndi pampu yamphamvu ndi nembanemba yaikulu. Satenga malo ambiri ndipo amataya madzi ochepa, koma magetsi akazima mulibe dontho, ndipo mafyuluta ake kawirikawiri ndi a kampani imodzi yokha. Alinso ndi khalidwe lina: akakhala osagwira ntchito kwa maola angapo, mchere umadutsa pang'onopang'ono pa nembanemba, choncho tambula yoyamba imakhala ndi mchere wokwerapo. Ingoitayani, kapena sankhani makina odzitsuka okha.

A patebulo safuna pulambala. Mumathira madzi m'chidebe chake, n'kulumikiza ku magetsi. Ndi abwino kwa wokhala m'nyumba ya lendi kapena wosamukasamuka, koma amatulutsa madzi ochepa ndipo chidebe cha madzi otsala muyenera kukhuthula nokha.

Osefera nyumba yonse ndi nkhani ina. Kusambira kapena kuchapira madzi a RO n'kuwononga ndalama, pokhapokha ngati madzi anu ali a mchere zedi.

Kukula kwa makina kumalembedwa m'magaloni pa tsiku, GPD. Galoni imodzi ya ku America ndi malita pafupifupi 3.8, ndiye 50 GPD ndi malita 190, pamene 75 GPD ndi malita 284. Manambalawa anayezedwa ndi madzi ofunda madigiri 25 komanso pulesha yabwino. Madzi akazizira, otuluka amachepa ndi pafupifupi 3 peresenti pa digiri iliyonse, ndipo thanki ikamadzaza imakankha madzi kubwerera. Powerengera, tengani theka la nambala yolembedwayo. Mukawerengera malita 5 pa munthu a kumwa ndi kuphikira, banja la anthu 6 likufuna malita 30 pa tsiku, kutanthauza kuti 50 kapena 75 GPD ndi yokwanira. Chimene chimavuta kawirikawiri ndi thanki. Mkati mwake muli mpweya wokankha madzi, choncho simadzaza mpaka muyeso wolembedwa kunja. Ngati pakhomo panu mumatunga madzi ambiri nthawi imodzi, onjezerani thanki m'malo mokulitsa nembanemba.

Chachisanu: werengani zolembedwa, mufunse mafunso

Safunsa anadya phula, ndipo pogula makinawa mafunso ofunika ndi ochepa.

Funsani ngati makinawo ali ndi chiphaso cha NSF/ANSI 58, umene ndi muyeso wa makina a RO. Musakhutire ndi chizindikiro cha pakatoni. Chiphasochi chimatsimikizira kuchepetsa TDS, koma zinthu ngati arsenic, mtovu, fluoride ndi nitrate zimayezedwa chilichonse pachokha, ndipo si makina onse anayezedwa pa zonse. Pemphani pepala la zotsatira muone ngati chinthu chimene labotale inapeza m'madzi anu chilipo. Mungathenso kufufuza dzina la makinawo pa intaneti, pamndandanda wa bungwe lopereka chiphasolo. Mawu akuti zipangizo zake ndi zovomerezeka satanthauza kuti makina onse anayezedwa. Ngati pali nyali ya UV, muyeso wake ndi NSF/ANSI 55.

Funsani kuti amataya malita angati pa lita imodzi ya madzi abwino. Akale opanda pampu amataya malita 3, 4, mwinanso kuposa. Atsopano a pampu ena amafika pa lita imodzi yotayika pa lita imodzi yabwino. Kwa amene amalipira madzi pa mita kapena amadalira chitsime chouma m'chilimwe, funsoli ndi lalikulu kuposa mtengo wa makinawo.

Funsani kukula kwa mafyuluta. A mainchesi 10 amapangidwa ndi makampani ambiri, ndipo nembanemba yolembedwa 1812 imalowa m'makina ambiri a m'nyumba. Mukagula makina ofuna mafyuluta a mtundu wawo wokha, ndiye kuti mwadzimangirira kwa wogulitsa mmodzi. Iye akasiya kuitanitsa, makina anu angokhala pansi pa sinki. Werengerani mtengo wa mafyuluta a zaka zitatu, muphatikize ndi wa makina, kenako muyerekeze.

Kuchuluka kwa zigawo zimene madzi amadutsamo m'makina kusakutengeni mtima. Makina a zigawo 10 sapambana a zigawo 5 ngati nembanemba yake ndi yofanana. Zowonjezerazo nthawi zambiri ndi timiyala tosiyanasiyana tolonjeza thanzi limene palibe angalitsimikizire.

Chigawo chimodzi chowonjezera chimene chili ndi phindu ndi chobwezera calcium ndi magnesium. RO sisankha, imachotsa mchere woipa ndi wabwino womwe, ndipo madzi ake ena amawamva kuti ndi osakoma. Munthu amapeza michere yambiri m'chakudya, choncho wodya bwino sayenera kuda nkhawa kwambiri, koma kubwezera pang'ono kumakonza kakomedwe ndipo kumachepetsa kudya zitsulo kwa madziwo. Pa chifukwa chomwechi madzi a RO asadutse m'mapaipi a kopa. Ndipo ngati madzi anu anali ndi fluoride woyenera amene amateteza mano, RO imuchotsa, ndiye muuze dokotala wa mano wa ana anu.

Chachisanu n'chimodzi: kuika makina

Lumikizani ku paipi ya madzi ozizira basi, chifukwa otentha amawononga nembanemba. Ikani makina pamalo oti dzanja lifike posintha mafyuluta, kutali ndi dzuwa. Thanki isanalowe madzi, yezani mpweya wake pa kavavu kofanana ndi ka tayala. Uyenera kukhala cha pakati pa 6 ndi 8 psi. Paipi ya madzi otayika ilumikizidwe moti madzi akuda a m'sinki asabwerere m'makina.

Mukatsegula koyamba, dikirani thanki idzaze, zimene zingatenge maola awiri kapena kuposa, kenako itayeni yonse. Chitaninso kachiwiri. Madzi oyambawo amakhala ndi fumbi la makala ndi mankhwala otetezera nembanemba. Thanki ikadzaza, mvetserani pa paipi yotaya. Madzi ayenera kusiya kutuluka. Ngati akungoyenda usana ndi usiku, vavu yodzitseka yokha ili ndi vuto, ndipo bilu ya madzi idzakuuzani mwezi ukatha.

Apa ndi pamene kachipangizo ka TDS kamagwira ntchito yake yeniyeni. Yezani madzi olowa ndi otuluka. Ngati olowa ndi 400 ndipo otuluka ndi 20, nembanemba ikuchotsa 95 peresenti: mumachotsa 20 pa 400, kugawa ndi 400, n'kuchulukitsa ndi 100. Ngati pali chigawo chobwezera calcium, yezani madzi asanafike pamenepo. Lembani nambalayo ndi deti pa kapepala, mumate mkati mwa kabati.

Madzi otayika aja si akuda, angokhala ndi mchere wokwerapo. Mungawakhetsere m'ndowa kuti muzikolopera kapena kuthira m'chimbudzi. Osawamwa, osaphikira, ndipo ngati madzi anu ndi a mchere kale musathirire mbewu.

Chachisanu n'chiwiri: kusamalira

Mafyuluta a zinyalala ndi a makala amasinthidwa pa miyezi 6 mpaka 12, malinga ndi madzi anu. Ya zinyalala imaoneka ikatha, koma ya makala imatha mwakachetechete, ndipo ikatha klorini imafika pa nembanemba. Musaidikire kuti ioneke yakuda. Nembanemba imakhala zaka 2 kapena 3, mwina kuposa ngati mafyuluta a patsogolo akusinthidwa nthawi yake. Yezani mwezi uliwonse, ndipo nambala ya mchere umene ikuchotsa ikatsika kufika cha m'ma 80 peresenti isintheni. Amene mukulimbana ndi arsenic, nitrate kapena fluoride musadikire kufika pamenepo, ndipo chaka chilichonse tumizani madzi otuluka ku labotale. Nyali ya UV imasinthidwa chaka ndi chaka ngakhale ikuyakabe, chifukwa mphamvu yake yophera tizilombo imachepa maso asakuona. Kamodzi pachaka tsukani thanki ndi zotengera mafyuluta ndi klorini wochepa, mutachotsa kaye nembanemba.

Ngati kampope kakutulutsa madzi ochepa koma thanki ikulemera, vuto ndi mpweya wa m'thanki. Ikhuthuleni, mupope mpweya ndi pampu ya njinga. Ikakana kusunga mpweya, mphira wa mkati wang'ambika ndipo pafunika thanki ina.

Paulendo

Paulendo mdani wamkulu ndi tizilombo. Fluoride ndi mchere wokwera pang'ono zimavulaza munthu akamwa kwa zaka, osati kwa sabata imodzi, pamene madzi a kolera kapena typhoid amagwetsa munthu m'masiku ochepa. Choncho pa maulendo ambiri RO si chida choyenera kunyamula. Ndi yolemera, imafuna magetsi kapena mphamvu za manja, ndipo imataya madzi pamalo pamene madzi ndi osowa.

Kuwiritsa madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi kumapha tizilombo tonse toyambitsa matenda, ndipo m'mapiri opitirira mamita 2,000 muwiritse mphindi zitatu. Sefa zonyamula m'manja za 0.1 kapena 0.2 micron zimagwira mabakiteriya ndi tizilombo totsekula m'mimba ta Giardia ndi Cryptosporidium, koma mavairasi ngati a hepatitis A amadutsa. Mapiritsi a klorini amapha mabakiteriya ndi mavairasi mukadikira mphindi 30, koma Cryptosporidium samugonjetsa. Mukaphatikiza ziwirizi, kusefa kaye kenako piritsi, chimodzi chimatseka pamene chinzake chalephera, ndipo zonse zimakwana m'thumba la chikwama. Kanyali ka UV konyamula kamagwiranso ntchito, bola madzi akhale oyera, chifukwa tizilombo timabisala m'matope.

RO imafunika paulendo pamene madzi opezeka ndi a mchere. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita. Kungoimitsa osmosis pa madzi oterewa kumafuna pafupifupi 27 bar, ndipo kuti madzi abwino atuluke pamafunika 55 bar kapena kuposa. Makina a m'khitchini amayenda ndi 4 bar. Musawayese pa madzi a m'nyanja yamchere, chifukwa simupeza madzi omweka. Apanyanja ali ndi makina awo opangidwira ntchitoyo. Opopa ndi manja monga Katadyn Survivor 06 satulutsa ngakhale lita imodzi pa ola, pamene Survivor 35 imatulutsa malita oposa 4. Amenewa ndi opulumukira pangozi. Boti loyenda masiku ambiri limafuna a magetsi, ndipo asamayatsidwe padoko, chifukwa mafuta oyandama pamadzi amawononga nembanemba.

Ngati mukupita kukakhala miyezi ingapo kudera limene madzi ake amadziwika kuti ali ndi mchere, fluoride kapena arsenic wambiri, makina a patebulo angakuthandizeni, makamaka ngati muli ndi khanda. Onani kaye magetsi a kumeneko. Mayiko ena amagwiritsa ntchito 110 mpaka 120 volts, ena 220 mpaka 240, ndipo si makina onse amalandira zonse ziwiri. Tengani mafyuluta apadera okwanira nthawi yonseyo. Ngati simukutsimikiza kuti madzi a kumeneko anaphedwa tizilombo, thirani piritsi la klorini kaye musanathire m'makina, ndipo fyuluta ya makala ikhale yatsopano kuti igwire klorini.

Nembanemba imene yagwirapo ntchito siyenera kuuma, ndiponso siyenera kuzizira mpaka madzi a mkati kuundana, chifukwa imang'ambika mkati osaoneka kunja. Ponyamula, khuthulani madzi m'makina koma nembanemba ikhale yonyowa, m'pulasitiki womangidwa bwino. Ngati ikhala milungu yambiri osagwira ntchito, iviikeni m'madzi osakaniza ndi sodium metabisulfite wa 1 peresenti, kapena mankhwala amene opanga makinawo analangiza, kuti tizilombo tisaswanemo. Pobwerera kuntchito, tayani madzi oyamba mpaka fungo la mankhwala lithe.

Makina otsala kunyumba nawonso muwakonzekere musananyamuke. Ngati muchoka kopitirira sabata imodzi kapena ziwiri, tsekani vavu ya madzi olowa, khuthulani thanki, zimitsani pampu. Mukabwerako, tsegulani, dikirani thanki idzaze, itayeni yonse, muyeze TDS, ndipo ngati munachoka kopitirira mwezi tsukani thanki ndi kusintha fyuluta yomaliza ya makala musanayambe kumwa.